Gitala ndi mizere isanu: njira ziwiri zomwe zinadutsana pa Kafue

Mlatho wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue unamalizidwa mu 1906. Unali wa zigawo 13, wotalika mamita oposa 400, ndipo chaka chomwecho sitima inafika ku Broken Hill, komwe lero timati Kabwe. Pofika 1910 njanji inali italowa ku Katanga. Eni njanji maso awo anali pa mtovu ndi mkuwa, koma mlathowo unawolotsanso amuna opita kukagwira ntchito ku Wankie ndi ku Bulawayo, kenako ku migodi ya ku Copperbelt. Pobwerera ankanyamula zimene malipiro awo anakwanitsa: njinga, galamafoni, zimbale, ndipo ena gitala.

Patapita zaka 12 mlatho utatha, mu 1918, amishoni a Primitive Methodist anatsegula Kafue Training Institute, sukulu yosula aphunzitsi, motsogozedwa ndi m'busa John Fell. Harry Mwaanga Nkumbula anamaliza Standard 6 pamenepa mu 1934. Sukuluyi ndi imene lero ili Kafue Boys Secondary School, m'manja mwa United Church of Zambia. Mphunzitsi wa mishoni masiku amenewo ankaphunzitsa ana mkati mwa sabata, Lamlungu n'kulalikira ndi kuyambitsa nyimbo. Motero kuwerenga nyimbo papepala kunalowa m'midzi yathu kudzera pakhomo la sukulu ndi la tchalitchi, pamene gitala inatsikira pa siteshoni. Njira ziwirizi zakhala moyandikana m'tauni imodzi zaka zoposa 100, koma n'zochepa zimene zabwerekana.

Chimene masukulu a mishoni a ku Britain anafalitsa kumadera athu si manotsi a pa mizere isanu, amene oimba amati stafu. Anafalitsa solofa. Anaiyambitsa ndi mayi wina wophunzitsa ana ku Norwich, Sarah Glover, ndipo m'busa John Curwen anaikonza n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pofuna kuti ana a Sande sukulu ndi anthu osauka a m'mafakitale aziimba bwino popanda limba. Solofa inayenera Africa pa zifukwa zomwezo. Imalembedwa ndi zilembo wamba, d r m f s l t, ndipo kutalika kwa liwu kumasonyezedwa ndi timadontho ndi timizere. Makina alionse osindikizira mabuku a sukulu akanatha kusindikizanso nyimbo, pamene stafu inkafuna zida zapadera zodula. Mphunzitsi wokhala ndi choko ndi bolodi ankatha kugawira ana mawu anayi masana amodzi.

Tisaichepetse solofa. Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pa sukulu ya Methodist kufupi ndi Johannesburg, anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika mu 1897 n'kuilemba m'solofa. Maimbidwe ake ndi amene Zambia inatenga kukhala nyimbo ya fuko itapata ufulu mu 1964. Mwana aliyense wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound akaima pa asembule Lolemba m'mawa amaimba chinthu chimene chinasungidwa ndi tizilembo timeneti. Mpaka lero, pitani pa malo ophunzirira kwaya madzulo a Lachisanu: mupeza mtsogoleri ali ndi kope lakale, akuimbitsa asopulano doh ndi soh asanawapatse mawu a nyimbo. Anthu athu amawerenga nyimbo, ndipo akhala akuwerenga kwa mibadwo inayi. Kungoti kuwerengako kunali kwa pakhosi.

Gitala inakulira kwina. Malo ake anali m'makomboni, m'mabwalo a mowa ndi pa maukwati, ndipo akulu a mpingo ambiri ankaiona ngati chida cha anthu oyendayenda. Mnyamata ankayamba ndi banjo ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Akapeza gitala yeniyeni, mphunzitsi wake anali maso ndi makutu: kukhala pafupi ndi wodziwa, kuyang'ana zala zake, kenako kukayeserera kuseri kwa nyumba. Wailesi inawonjezera aphunzitsi. Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsira anthu akuda a mayiko atatu, ndipo kuyambira 1949 kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special kanalowa m'nyumba zambiri. Kumeneko n'kumene kunamvekera Alick Nkhata, wobadwa mu 1922 ku Kasama, amene anayamba wayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo asanakhale mwana wa pa wailesi. Kuchokera ku Bulawayo kunabwera zimbale za George Sibanda. Tracey atazungulira Copperbelt mu 1957 anajambula oimba monga Stephen Tsotsi Kasumali ndi John Lushi. Ambiri mwa oliza gitala a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito zala ziwiri zokha za dzanja lamanja: chachikulu chikuyendetsa mawu apansi, chamkombaphala chikuyankha pamwamba. Ku Nyasaland ena ankaigoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereka botolo pansambo, kalizidwe kotchedwa hauyani. Palibe aliyense wa awa amene anafuna pepala, ndipo nyimbo zawo sizinapelewere kanthu.

Nanga stafu inachokera kuti, ndipo inakumana liti ndi gitala? Mizere yolembapo manotsi anaikhazikitsa ndi mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, cha m'ma 1025, pofuna kuti oimba m'tchalitchi aphunzire nyimbo imene sanaimvepo. Koma oliza zida za nsambo a ku Ulaya anatha zaka mazana ambiri osaigwiritsa ntchito. Iwo anali ndi kalembedwe kawo, kamene lero anyamata amati tabu: mzere uliwonse ndi nsambo, nambala kapena chilembo n'kusonyeza pokanikiza chala. Buku la Luis Milán la vihuela, mbale wake wa gitala, losindikizidwa ku Valencia mu 1536, linalembedwa motero. Gitala inasamukira pa stafu m'theka lachiwiri la zaka za m'ma 1700, mobwereka kalembedwe ka vayolini. Mabuku ophunzitsira amene akugwirabe ntchito lero anatuluka pambuyo pake: la Ferdinando Carulli mu 1810, la Fernando Sor mu 1830, la Matteo Carcassi mu 1836. Ndikutchula zaka zimenezi kuti woliza gitala wa ku Kafue asadzione wotsalira. Ngakhale kwawo kwa stafu, gitala inalowa mochedwa, ndipo inalowa movala chovala chosokedwera chida china.

Kubwerekako n'kumene kumavutitsa wophunzira mpaka lero. Gitala imalira okitevu imodzi pansi pa zimene zalembedwa. Nsambo yake yaikulu, E wapansi, imalembedwa kunsi kwa timizere titatu towonjezera pansi pa stafu, moti woyamba kumene amawerenga timizere ndi chala asanalize. Vuto lalikulu ndi ili: pa kiyibodi noti iliyonse ili ndi malo amodzi, koma pa gitala ayi. E wolembedwa mu mpata wachinayi wa stafu ungamulize pa nsambo yoyamba osakanikiza, pa nsambo yachiwiri fureti ya 5, pa yachitatu fureti ya 9, kapena pa yachinayi fureti ya 14. Liwu ndi lomwelo koma kukoma kwake n'kosiyana, ndipo kusankha kumadalira kumene dzanja likuchokera ndi kumene likupita. N'chifukwa chake pepala la gitala limadzaza tizizindikiro: nambala yozunguliridwa kusonyeza nsambo, 1 mpaka 4 kusonyeza zala za kumanzere, p i m a kusonyeza za kumanja. Pamwamba pa izo, mawu awiri kapena atatu amapanikizana pa stafu imodzi, apamwamba michira yawo ikuloza kumwamba, apansi ikuloza pansi, pamene woliza piyano anapatsidwa mastafu awiri.

Izi zimavuta aliyense, Mzungu ndi Mzambia yemwe. Koma pali vuto lina lathu lathu, limene aphunzitsi sakonda kulitchula. Mu solofa, doh alibe malo okhazikika. Mtsogoleri wa kwaya akaona kuti amayi akukanika pamwamba amangotsitsa doh, pepala osasintha. Oliza gitala athu nawonso anazolowera zofananazo. Akamanga pensulo ndi mphira pakhosi pa gitala, kapena kuika kapo ya m'sitolo, zala zimagwira monga mwa masiku onse koma nyimbo yakwera. Akati "ndili mu C" nthawi zambiri akunena kagwiridwe ka zala, osati liwu limene likutuluka. Ena amachuna gitala motsatira mmero wawo. Choncho miyambo yathu yonse iwiri, wa kwaya ndi wa gitala, imamva nyimbo ngati ubale wa mawu: uyu ndi kholo, uyu akukoka kubwerera kwa kholo. Stafu imafunsa funso lina: liwu ili dzina lake ndani, ndipo limakhala pa mzere uti? Wochokera ku kwaya akafika pa stafu amadabwa kuti doh wasanduka G m'nyimbo iyi, F m'nyimbo inayo. Sikuti ndi wogona m'mutu. Akusamuka kuchoka pa kaganizidwe kamodzi kupita pa kena, ndipo mphunzitsi wanzeru amayambira pa zimene wophunzirayo akudziwa kale: amamuimbitsa mzerewo m'solofa, kenako n'kumusonyeza pomwe doh wagona lero.

Amene ankawerenga stafu m'dziko muno kuyambira kale ndi oliza malipenga: mabandi a asilikali ndi apolisi, ndi a Salvation Army, amene mishoni yawo ya Chikankata, kumwera kwa Kafue, inakhazikitsidwa mu 1945. Anthu 20 oliza zida zosiyana sangagwirizane popanda pepala. Gitala, yolizidwa ndi munthu mmodzi wodziimbira yekha, inalibe chikakamizo chotero.

Oyamba kulemba nyimbo zathu pa stafu mozama anali alendo, ndipo zimene anakumana nazo n'zophunzitsa. M'busa A. M. Jones anakhala pa St Mark's College ku Mapanza kuyambira 1929 mpaka 1950. Ng'oma zinamuzunguza mutu kufikira anapanga makina: woimba ankagogoda pa tizitsulo tolumikizidwa ku magetsi, ndipo kugogoda kulikonse kunkasiya chizindikiro pa pepala loyenda. Mu 1952 iye ndi L. Kombe anatulutsa kabuku kofotokoza gule wa icila wa Alala, ndipo mu 1959 anatulutsa Studies in African Music. Jones anaona kuti ng'oma iliyonse ili ndi poyambira pake, motero anajambula mizere yogawa mabala mosalingana, ng'oma iyi apa, inayo apo. Akatswiri a pambuyo pake anamutsutsa, kunena kuti ovina ali ndi kugunda kumodzi kumene onse amapondapo ngakhale ng'oma zikupingasana. Mkanganowo ndi wofunika kwa woliza gitala, chifukwa zala ziwiri zija, chachikulu ndi chamkombaphala, zimachita pa nsambo zimene ng'oma ziwiri zimachita pabwalo.

Pa gitala penipeni, nkhani yodziwika ndi ya Masanga. Tracey anajambula Jean-Bosco Mwenda akuliza nyimboyi ku Jadotville, lero Likasi, mu 1952. David Rycroft anaimvetsera mobwerezabwereza n'kuilemba pa stafu, ndipo zolembazo zinatuluka m'magazini ya African Music mu 1961 ndi 1962. Wopeka nyimbo wa ku England, William Walton, anali atatengako kale chigawo chake n'kuchiika mu Johannesburg Festival Overture ya 1956, ndipo katswiri wa gitala John Williams anaijambula pa chimbale The Magic Box cha 2002. Nyimbo ya mnyamata wa ku Katanga inalowa m'manja mwa anthu amene sanamuonepo. Kasumali ndi Lushi anali a m'badwo womwewo, a njanji yomweyo, koma mayina awo amadziwika ndi ochepa.

Gerhard Kubik wa ku Austria anapita patsogolo. Mu 1967 anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a ku Chileka, akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo buku lake lonena za bandi yawo linasindikizidwa mu 1974 ndi Institute for African Studies ya University of Zambia. Kubik anaona kuti kulemba mawu omveka okha sikukwanira. Chimene chimapanga kalizidwe ka Daniel Kachamba ndi kayendedwe ka dzanja: kutsika ndi kukwera kosaleka, nsambo zina kukhudzidwa, zina kuphonyedwa dala, zina kutsamwitsidwa. Munthu angalize manotsi onse olondola ndi dzanja lolakwika, nyimbo n'kutuluka yachilendo. Motero ankajambula oimba pa filimu n'kuwerenga kayendedwe ka zala chithunzi ndi chithunzi. Ena anatengera apa maganizo oti stafu siyenera nyimbo za ku Africa. Katswiri wa ku Ghana, Kofi Agawu, anawayankha mu 2003 kuti palibe nyimbo padziko lapansi imene pepala limaigwira yonse, ndipo kukana kulemba zathu m'kalembedwe kamene oimba a dziko lonse amawerenga n'kuzitsekera kunja kwa bwalo. Ine ndili kumbali ya Agawu, koma ndi chenjezo la Kubik m'thumba.

Kafue inasintha nkhope cha m'ma 1970, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles zinakoka anthu a zilankhulo zonse, nyumba za ku Estates n'kumangidwa. Inali nthawi ya gitala ya magetsi. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za ku Zambia, ndipo mabandi anaphuka: WITCH, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Anyamatawa anaphunzira pobweza singano pa chimbale cha Jimi Hendrix kapena cha Rolling Stones mpaka chitakalika. M'ma 1980 kalindula inatenga bwalo, mawu a babatoni ya kumudzi atasamukira pa besi ya magetsi, ndi magulu monga Amayenge, Serenje Kalindula ndi Masasu. P. K. Chishala, mmodzi mwa akuluakulu a kalindula, anali wosaona. Aliyense wonena kuti woimba weniweni ndi wowerenga pepala ayambe wamvetsera zimbale zake.

Komabe m'badwo umenewo unatiphunzitsa kuwawa kwa chuma chosungidwa m'zala zokha. Oimba ambiri a mabandi a magitala a magetsi aja, a Zamrock, anamwalira ali aang'ono m'ma 1980 ndi 1990. Paul Ngozi anapita mu 1989 ali ndi zaka 40. Mwa oimba a WITCH a masiku oyambirira anatsala Emmanuel "Jagari" Chanda. Zimbale zinapulumutsa mawu, ndipo tikuthokoza, koma chimbale sichinena kuti gitala inachunidwa bwanji, chala chinali pa nsambo iti, kapena kuti magitala a m'bandi anagawana motani. Nyimbo zimene sizinafike ku situdiyo zinalowa m'manda ndi eni ake. Pa zaka zomwezo, nyimbo ya kwaya yopekedwa ndi mphunzitsi wa kumudzi inapulumuka chifukwa wina anaikopera m'kope.

Lero gitala inalowa m'tchalitchi, ndipo m'mipingo yambiri ya ku Kafue imakhala kutsogolo pamodzi ndi kiyibodi ndi ng'oma. Oimba amauzana makodi ndi manambala, wani, fo, faifi, kapena kutchulirana solofa, umene ndi ubale wa mawu womwe uja m'chovala chatsopano. Wophunzira ali ndi foni: YouTube imamuonetsa zala, ndipo tabu ya nyimbo zambiri zakunja imapezeka pa intaneti. Tabu ndi yabwino poyambira, ndipo taona kuti ndi yakale kuposa stafu ya gitala. Koma yambiri mwa ya pa intaneti ili ngati munthu wokuuza makomo oti ugogode osakuuza nthawi yake: imanena pokanikiza, osanena kutalika kwa liwu, moti uyenera kukhala utaimva kale nyimboyo. Ndiponso woliza lipenga kapena piyano sangaiwerenge. Kwa anthu amene mtima wa nyimbo zawo uli m'kugunda, kalembedwe kosanena za kugunda n'kopelewera.

Stafu imatsegula makomo enieni. Evelyn Hone College ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Kafue, yakhala ikusula aphunzitsi a nyimbo kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko kuwerenga manotsi n'kosathawika. Mayeso a gitala a ABRSM, bungwe la ku London lokhazikitsidwa mu 1889, ali ndi magiredi 8, ndipo pa mayeso ochitikira pamaso pa woyesa, pa giredi iliyonse wophunzira amapatsidwa kachigawo kamene sanakaonepo kuti akalize pomwepo. Bandi ya asilikali, situdiyo yojambula nyimbo za filimu, gulu la oimba a mayiko osiyana lokumana tsiku limodzi lisanaimbe: onsewa amalankhulana ndi pepala. Ndipo kuphunzirako si phiri. Mafureti anayi oyambirira ali ndi manotsi osakwana 30. Wopatula mphindi 15 tsiku lililonse, kuyamba ndi nsambo zitatu zapamwamba, kuomba m'manja kugunda kwa mzere asanaulize, kutchula dzina la noti mokweza, maso ali papepala osati pa zala, amayamba kuwerenga nyimbo zosavuta miyezi ingapo isanathe. Chimene chimagwetsa ambiri ndi manyazi. Munthu woliza kale bwino pamaso pa mpingo zimamuwawa kubwerera ku tinyimbo ta ana n'kumaphonya. Aphunzitsi amuuze poyera kuti zala zake zili patsogolo, maso okha ndiwo akuyamba kukwawa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana wa ku Kafue akapirira zonsezi n'kudziwa kuwerenga, zimene amapeza m'buku ndi Carulli ndi Carcassi. Ndi nyimbo zabwino, ndipo aziphunzire. Koma buku loyambira gitala likhoza kumangidwa pa nyimbo zimene mwanayo anayamwira: mzere wa besi ya kalindula ndi phunziro lokwanira la manotsi a pansi pa stafu, ndipo kayankhidwe ka zala ziwiri ka oimba a ku Copperbelt ndi phunziro la mawu awiri pa stafu imodzi loposa zambiri za m'mabuku akunja. Olemba buku lotero ayenera kukhala anthu amene anavinapo nyimbozo, chifukwa ndiwo angadziwe pogwera phazi, n'kusankha ngati chigawo chilembedwe mu 12/8 kapena mu 4/4 popanda kusocheretsa wowerenga. Zida zilipo: pulogalamu ya MuseScore ndi yaulere, imalemba stafu ndi tabu pamodzi, ndipo mafoni ambiri amajambula dzanja la woimba n'kulichedwetsa, ntchito imene Kubik ankaichita ndi filimu yodula. Oimba a m'ma 1970 ndi 1980 amene atsala ndi okalamba tsopano. Wopita kukawalemba anyamule pepala la mizere ndi foni, ayambe wafunsa kachunidwe ka nsambo iliyonse, alembe fureti imene pali kapo, ndipo pamwamba pa noti iliyonse aike chizindikiro chosonyeza ngati chala chinatsika kapena chinakwera.